Makaseti a Bambo Nick

Lennah anakulira ku Mulanje, kumene chinthu chikayamba kununkha chinyontho umachitulutsa panja chione dzuwa, kaya ndi bulangete, nsapato, ngakhale buku la nyimbo. Ndiye m'mawa umenewo, atatsegula katoni ya makaseti a Bambo Nick n'kumva kafungo ka chuku, sanachedwe. Anawayala pakhonde la fulati ya mabwana ake ku Dubai Marina, bwinobwino ngati mphale, n'kupita kukasita.

Bambo Nick anali mkulu wa ku Canada. Akazi awo atamwalira, mwana wawo Jean, wogwira ntchito m'ndege, anawatenga kuti azikhala naye, n'kulemba Lennah ntchito yowasamalira. Moyo wawo wonse ankalemba mabuku a nkhondo zimene asilikali akwawo anamenya, chonsecho mfuti sanaigwirepo. Iwo yawo inali kuyenda m'makomo mwa asilikali okalamba, kuika kawayilesi kojambulira mawu patebulo, basi n'kukhala phee. Ankati munthu amene anaona nkhondo sumufunsafunsa, umangomudikira. Azibambo onsewo anapita kalekale. Mawu awo anatsala m'makaseti momwemo, ndipo buku lomaliza la Bambo Nick linkadalira makasetiwo.

Lennah ankawakonda mawu amenewo. Masana ankamveka nyumba yonse: nkhalamba ina ikutsokomola, ina ikuseka za matope a ku Italy, ina ikulira mnzake. Ankangoona ngati ndi malemu bambo ake ali pa bawo ndi anzawo, ndipo mtima unkamuwawa mokoma.

Koma abale, dzuwa la ku Dubai si la ku Mulanje! Pamene ankati akaanule, anapeza makaseti atapindikapindika, tepi itamatirirana. Mayo ine! Anawatolera m'chitenje, n'kukagwada pafupi ndi mpando wa mkuluyo.

"Bambo, ndalakwa. Ndimati aoneko dzuwa."

Bambo Nick sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Anatola kaseti imodzi, ya msilikali wina wakale, mlimi wa tirigu, amene ankakonda kumumvera, nayesa kuipota ndi pensulo. Tepi inangoti phwe, kuduka.

"Khalas," anatero motsitsa, mawu amene anatola kwa mlonda wapageti. "Zatha."

Anaiyang'ananso kasetiyo. Kenako anamwetulira okha.

"Uyu ankayambira pa nsapato," anatero. "Ankati, 'Mnyamata iwe, zipolopolo zisiye, tandifunsa za mapazi onyowa.' M'khitchini mwake munkanunkha khofi wopserera, kunja chipale chofewa chili mbuu. Ine nthawi imeneyo tsitsi lili bii."

Mawu awo anayamba kusasa ngati a mlimi uja, mpaka katsokomoledwe kake. Anafotokoza za mtsinje umene asilikali anawoloka, za mnzake wa mlimiyo amene sanafike tsidya. Lennah anatulutsa foni yake mwakachetechete, nadina pojambulira mawu, n'kuiika patebulo.

Mkuluyo anaiona foniyo, nasiya kulankhula. Misozi inalengeza.

"Zaka zonsezi ndinkakhala mbali inayo ya tebulo," anatero. "Ndiye kuti nkhalamba yotsala ndine."

Lennah anafuna kupepesanso, anafunanso kufunsa dzina la mnzake wa mlimi uja. Koma anatseka pakamwa, nakhala pansi bwinobwino, n'kuwadikira.