Alamu Akonzekera Alendo

Tauniyo inafa pamene kasupe wa madzi otentha anauma. Olemera amene ankabwera kudzaviika nyamakazi zawo anapita nazo kwina, hotela n'kutsala ikugwa yokha. Mitengo inamera m'zipinda zogona, ndipo pa khoma la holo yovinira panatsala chithunzi chakale cha anthu ovina, mvula itawadya kale miyendo.

Mayi wina wofufuza wa ku yunivesite ndiye anapezamo chuma. M'dziwe losambiramo la hotelayo, m'madzi obiriwira ndi ndere, munkaswana tiachule tofiira kumimba timene akatswiri ankati tinatha kalekale. Anagwada m'mphepete mwa dziwelo zaka ndithu, mpaka anthu anamupatsa dzina loti Nachule. Iye analibe nazo ntchito. Ankangofuna kuti bungwe loteteza zachilengedwe ndi malo akale lidzaone ndi maso, chifukwa likapanda kuteteza malowo, kampani yophwanya miyala inali itakonzeka kale kugumula zonse.

Chinamupweteka ndi chifundo. Mkulu wake anamulirira kuti bambo a kunyumba akungokhala, ndiye Nachule anawalemba ulonda alamu akewo. Anali bambo odziwa chilichonse, amene ntchito iliyonse ankaisiya ati chifukwa mabwana ake ndi mbuli. Anawapatsa lamulo limodzi lokha, loti munthu asakhudze kalikonse. Anaiwala kuwauza kuti nawonso ndi munthu.

Bungwe litavomera kubwera, Nachule anapita ku mzinda kukatenga alendowo, n'kuwasiyira alamu mawu oti akonzekere.

Anakonzekeradi. Galimoto itangoima, Nachule anamva fungo la utsi. Tchire lonse linali litatchetchedwa ndi kutenthedwa. Miyala ya m'mbali mwa njira inali itapakidwa laimu, mitengo nayonso mpaka m'chiuno. Ovina a pa khoma aja anali atakwiriridwa mu penti yoyera. Alamu anaima pakhomo atamanga tayi, akumwetulira ngati munthu woyembekezera kukwezedwa pa ntchito.

Nachule anawasiya alendo n'kuthamangira kudziwe. Analipeza louma gwa, matailosi akung'anima, likununkha mankhwala otsukira zimbudzi.

"Alamu, madzi aja ali kuti?"

"Uve umene uja? Anthu aulemu ngati awa tikanawaonetsa chithaphwi? Sukulu munapita, mlamu, koma kulandira alendo simudziwa."

Anafotokoza monyadira kuti anatunga yekha ndi ndowa mpaka msana kuwawa, ndipo sanapemphe thandizo kwa munthu. Nachule ankadana nawo kuchokera pansi pa mtima, ndipo ankadzida yekha koposa.

Mtsogoleri wa alendowo, mayi wofatsa wa magalasi, anafunsa ngati tiachuleto tingapezeke pena. Nachule ankadziwa kuti m'dera lonselo munalibenso madzi ena okhalitsa. Asanayankhe, alamu analowerera kuti pasakhale nkhawa, iwo si mwana, anasungako tingapo toti alendo aone.

Anapita kuseri kwa khitchini n'kubwera ndi chitini cha penti chimene chinakhala padzuwa kuyambira dzulo lake. Chivundikiro anali atachikhomerera bwinobwino kuti tisadumphire alendo. Anachitsegula ndi mpeni, fungo n'kuwabweza onse m'mbuyo.

Mtsogoleri uja anasuzumiramo atatseka mphuno ndi mpango. Kenako anatembenuka n'kufunsa dalaivala ngati angakafike ku mzinda kusanade.