Mahatchi Awiri a Alamu Anga

Alamu anga a Kunimitsu Osanai anadinda makalata ku positi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo tsiku limene anapuma ntchito anatulukira kuti iwo ndi munthu wa panyanja. Kwathu kuno ku Ajigasawa tonse timabadwa nyanja ili pakhomo, koma si tonse amene imatidziwa. Alamu angawo ndi nyanja ankangopatsana moni patali.

Lamulo limati boti likakhala losakwana mamita atatu, injini yake yosaposa mphamvu za mahatchi awiri, mwini wake safunika chiphaso kapena mayeso. Alamu anga mayeso amawaopa kuposa jakisoni. Ndiye anakagula kaboti kopereweza chala chimodzi kuti kakwane mamita atatu, pamodzi ndi ngolo yake ya matayala awiri yokoka ndi galimoto. Ine ntchito yanga ndi matayala ndi ngolo zomwezo, choncho anabwera nako kugalaja kwanga kuti ndikayamikire. Ndinakazungulira kawiri, ndipo sizinanditengere nthawi. Ndinawauza kuti mahatchi awiriwo alipodi, koma akuoneka okalamba.

Kunyumba kwawo kuli shedi imodzi yokha. M'menemo munkakhala zidebe zamatabwa za achemwali anga a Tomie, zimene amayi a mumsewu wawo amaviikamo daikoni, ndiwo za mizu italiitali yoyera, mu mchere chaka chilichonse kuzizira kukayandikira. Alamu anatulutsa zidebe zonse zisanu n'kuziimika padzuwa kuseri, kaboti n'kulowa m'shedi ngati mkwatibwi. Achemwali anga sanayankhule. Ine ndinakula nawo, ndimadziwa kuti akakhala chete ndiye kuti nkhani yayamba.

M'mwezi wa Julayi alamu ananditenga kukayesa kabotiko. Nyanja inali itagona ngati mwana wokhuta, ndipo tinali m'kati mwa doko, kuseri kwa khoma la simenti lotchinga mafunde. Boti lalikulu la asodzi linadutsa chapatali, woyendetsa wake n'kutikwezera dzanja mwaulemu. Kenaka funde lake linatipeza. Kaboti kanadzutsa mutu, kanagwada, madzi n'kufika m'akakolo. Ine ndinakapa madziwo ndi bokosi la mpunga wathu wa masana, mpungawo utapita kale kwa nsomba. Alamu anali atagwira m'mphepete ndi manja onse awiri, zala zitayera. Titafika kumtunda anandiuza kuti injini yachita bwino kwambiri.

Kuyambira tsiku limenelo kaboti kankapukutidwa m'mawa uliwonse, koma m'madzi sikanabwerere. Lero mphepo, mawa msana, mkuja maliro a munthu amene sankapatsana naye ngakhale moni.

Tsoka lake, pakamwa pawo panali patapita kale panyanja. Masana amuna timakaviika misana kubafa la m'tauni, ndipo kumeneko kumakhala a Kasai, msodzi wakale amene nyamakazi inamutulutsa m'madzi koma lilime inalisiya lamoyo. Tsiku lina, tonse tili m'madzi otentha mpaka m'khosi, anafunsa mokoma.

"A Positi, beseni lanu lija mwasambitsiramo kale adzukulu?"

Anthu anaseka mpaka madzi kuchita mafunde. Alamu anga anaimirira, kansalu kali pamutu, n'kulumbira pamaso pa amuna khumi ndi awiri osavala kuti nsomba za hatahata zikadzabwera ndi mabingu a Disembala, iwo adzatuluka kunja kwa khoma ndi kabotiko, ndipo adzasiya ndowa yodzaza pakhomo pa a Kasai. Aliyense wa kuno amadziwa nyanja ya Disembala. Imameza maboti okhala ndi denga ndi wailesi, ndiye beseni ingalifunse n'komwe dzina?

Mawu a kubafa safuna sitampa. Madzulo asanafike achemwali anga anali atalowa m'galaja mwanga, chikwama chili m'khwapa.

"Iwe Sadao, mlamu wako akufuna kundisandutsa wamasiye chifukwa cha manyazi a kubafa. Kathire shuga mu injini."

Ndinakana. Munthu ndingamunamize, koma injini ayi, sinandilakwire. Ndinawalonjeza kuti ndichita zimene ndimachitira kasitomala aliyense chipale chofewa chisanagwe. Ndinapita kushedi ndi jeke, ndinakweza ngolo ija n'kuikhazika pa zipika zinayi, ndinachotsa matayala onse, ndinapaka girisi, ndinazula kachotsekera ka pachibowo chotulutsira madzi kumbuyo kwa boti. Ndinafotokozera alamu kuti tayala likakhala malo amodzi miyezi inayi limaphwatalala, ndipo zimenezo n'zoona. Iwo anang'ung'udza, anati ndikuwachedwetsa, koma matayalawo anangowatsamiritsa kukhoma. Anati kuwabwezera n'kwa mphindi makumi awiri, ndipo tsiku la mabingu adzachita okha. Sipanala anaipachika pamsomali pomwepo kuti aliyense wodutsa aziiona.

Achemwali anandiyang'ana ngati ndawabweretsera madzi m'dengu.

Chakumapeto kwa Novembala daikoni zinali zitalendewera pa mitanda milungu iwiri, zitafota mpaka kupindika osathyoka. Amayi a mumsewu anabwera kudzatsuka zidebe, n'kupeza kuti dzuwa la chilimwe linazitsegula mipata yolowa chala. Ukathira madzi pamwamba, amakupeza kuphazi. Mlungu womwewo alamu anakwera sitima kupita ku Hirosaki kukapimitsa maso, n'kugona masiku awiri kwa mwana wawo Noriko.

Ine anandiitana kuti ndikanyamule miyala, ndipo mkulu wako akakutuma sufunsa kuti miyala ya chiyani. Ndinapeza amayi asanu ndi awiri m'shedi, atayala pulasitiki yatsopano m'kaboti monse. Ankasanja daikoni mzere ndi mzere, pamwamba madeya a mpunga ndi mchere, makoko ouma a zipatso, tsabola, kenaka mzere wina. Wotsogolera anali mayi Tsushima, wamasiye amene anathamangitsapo chimbalangondo m'munda mwake ndi chivundikiro cha poto. Iwo anayamikira kwambiri kachibowo ka kumbuyo kaja. Anati zaka zonsezi akhala akupendeketsa zidebe pochotsa madzi a mchere, osadziwa kuti pali anthu anzeru amene anapanga chidebe chokhala ndi potulukira pake. Anandifunsa ngati ngolo ipirire kulemera. Ndinati ili pa zipika, ikhoza kunyamula ngakhale iwowo. Tinayala matabwa pamwamba, n'kusanjikapo miyala.

Alamu atabwera, maso atawakonza bwino, chinthu choyamba kuchiona bwinobwino chinali chimenecho. Anaima pakhomo pa shedi.

"Mayi ake a Noriko, ichi n'chiyani?"

"Ndi daikoni, abambo. Kapena adokotala sanamalize?"

"M'boti langa?"

"Malo ake ndi omwewo a chaka chilichonse. Chidebe n'chimene chasintha, ndipo anasintha ndinu." Achemwali anapukuta manja pa epuloni. "Mukalifuna boti lanu tulutsani, palibe wakumangani. Koma zikasunthidwa zisanapse zimaola, ndipo muli za mabanja asanu ndi awiri. Muyambire kwa mayi Tsushima kukawauza."

Alamu anatembenukira kwa ine. Ine ndinali nditapeza kanthu kochititsa chidwi kudenga. Analankhula zambiri tsikulo, za ulemu wa mwamuna, za mawu amene munthu walumbira, za boti limene silinapangidwire ndiwo. Anamaliza ndi kunena kuti mabingu akadzagunda adzakhuthula zonse pansi, mayi Tsushima akhale alipo kaya palibe. Achemwali sanagone bwino mlungu umenewo, chifukwa mwamuna wamanyazi amatha kuchita chimene mwamuna wolimba mtima sangayerekeze.

Mabingu anagunda pa 9 Disembala, chipale chikuwomba cham'mbali. M'mawa mwake tauni yonse inali kunena za hatahata. Mafunde ankalumpha khoma la padoko ngati palibe khoma, ndipo ngakhale maboti akuluakulu ena anakhalira kumangidwa. Foni yanga inalira ndisanamalize tiyi. Anali achemwali, kunena kuti mlamu wanga walowa m'shedi ndi wilibala ndipo wadzitsekera.

Ndinathamanga, ine amene ndinasiya kuthamanga tsiku limene ndinasiya sukulu. Ndinazungulira kuseri, kumene kuli thabwa lomasuka, n'kusuzumira. Ndinkayembekezera kuona daikoni zili mbwee pansi, matayala atabwerera. Matayala anali pomwe paja, sipanala ili pamsomali wake. Alamu anga anali atawerama, akubuula, akukweza chimwala chachikulu kuchokera mu wilibala kuchiika pamwamba pa matabwa. Chinali chachitatu. Ziwiri zinali zitakhala kale.

Ndinatsokomola. Anadzidzimuka, kenaka anawongoka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana.

"Miyala ya amayiwa ndi yopepuka," anatero osandiyang'ana. "Zingaole zinthu za eni ake, mlandu n'kukhala wanga."

"Zoona, alamu. Kuli china kuseri kwa galaja, cholemera kuposa icho."

Anaganiza kaye. Kenaka anati ndibwere nacho, ndipo pobwerera nditenge matayalawo ndikawasunge kwanga, chifukwa m'shedi muno mukuzizira kwambiri, mphira ingang'ambike. Ndinavomera kuti mphira ndi yosakhulupirika. Achemwali ndinangowauza kuti aphike, munthu wawo sapita kulikonse mpaka chipale chisungunuke.

Masana amenewo kubafa alamu anadandaula kuposa aliyense amene ndinamumvapo. Anati nyanja ngati imeneyi ndi imene ankaidikira, koma taonani zimene akazi achita. Anamenya madzi ndi chikhatho. Amuna onse anayang'ana kwa a Kasai. Mkuluyo anatseka maso, madzi ali m'chibwano, ndipo ndinakumbukira kuti mchimwene wake anatuluka kunja kwa khoma lomwelo Disembala wina osabwerako, komanso kuti m'kaboti muja munali daikoni makumi anayi za mkazi wake.

"Akazi ndi ovuta, a Positi," anatero. "Mwina chaka chamawa."

Mawa lake pakhomo pa alamu panapezeka ndowa ya hatahata, yopanda dzina la wotumiza. Anadya zisanu ndi imodzi.

Daikoni zija zinapsa bwino, mwina chifukwa cha miyala. Chipale chitasungunuka tinatsuka kaboti katatu ndi sopo, koma fungo linakana, moti amphaka a mumsewu amakadziwa kuposa nsomba. M'mwezi wa Ogasiti ndinakumana ndi alamu m'sitolo ya mbewu, atanyamula mapaketi asanu ndi limodzi a njere za daikoni. Anati achemwali anawatuma awiri, koma munthu sudziwa, zina sizimera.