Nsabwe za mu Msoko

Tsiku limene anamwino anauza Telala kuti kachilombo ka HIV sikakuonekanso m'magazi mwake, mkuluyo anamva theka lokha. Si uyu ukamuuza kuti atalikitse diresi amalifupikitsa? Anatuluka m'chipatala mano onse pamtunda, n'kukafikira kwa mlamu wake, dokotala wa pakamwa amene sanagwirepo jakisoni.

"Alamu, chosaoneka ndiye kuti kulibe," anatero mlamuyo. "Mwachira basi. Muzikaswera pamzere wa mankhwala makasitomala akubwerera pakhomo?"

Malangizo otsekemera savuta kumeza. Telala anakwirira botolo la ma ARV m'chitini cha mabatani, osamuuza mkazi wake, amene analibe kachilomboko.

Patapita miyezi, buluku lake lomwe linayamba kukhwepa. Ankangolibweza m'chiuno mwakachetechete, chifuwa n'kumanamizira fumbi la nsalu. Tsiku lina mkazi wake, pofuna batani la yunifolomu ya mwana, anapeza botolo lija lili lodzaza. Sanakalipe. Analiika pamakina n'kufunsa, "Bambo a mwana, nanga ine munandiganizira?"

Funsolo linamulasa. Manyazi anali nawo, koma chachikulu chinali mantha kuti wamupatsira mkazi amene anamupirira pa zonse. Mutu ukakula sulewa nkhonya: m'mawa mwake anapita onse kuchipatala.

Ankayembekezera kukalipiridwa, koma anamwino anamupatsa mpando n'kumufunsa kumene nsabwe zimathawira malaya akachapidwa. Iye anati mu msoko. Anamwino anati kachilombonso n'chimodzimodzi: mankhwala amakapanikiza mpaka sikaoneka, ndipo pamenepo sungapatsire mnzako, koma ukawasiya kamatuluka n'kuswana. Za mzere anamuuza kuti akadangodandaula, chifukwa thupi likakhazikika angathe kumalandira mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, komanso pali gulu la anzake amene amasinthana kukatengerana.

Kenako mkazi wake analowa kukayezetsa. Telala anatsala pabenchi akupotokola chipewa, akupempha mumtima chinthu chimodzi chokha.

"Sanandipeze nako," anatero mayiyo atatuluka. "Akuti ndidzabwerenso kuti adzatsimikize. Koma botolo lija lichoke m'mabatani, lizikhala pafupi ndi mswachi wanga."

Telala anadzuka pabenchi paja. Anangomugwira dzanja pamaso pa anthu onse, chinthu chimene anasiya kalekale ali pachibwenzi.

Phunziro: Kusaoneka kwa kachilombo si kuchira, ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito. Chikakuvutani, funsani achipatala, osati alamu.