Nkhono ya Abambo

Injiniya anadina batani la kompyuta, n'kukhala pampando wa malemu bambo ake, n'kuyamba kudikira. Makinawo anang'ung'udza ngati munthu amene wadzutsidwa tulo tisanakwane, kenaka anangoti zii. Sikirini inali bii.

"Kodi yayaka, kapena nayonso yatisiya?"

"Pakamwa pakopo," anatero mlongo wake wamkulu, amene anaima pakhomo atanyamula beseni la zochapa. "Amayi ali pafupi. Yayaka imeneyo, koma imafuna uipatse ulemu wake."

Maliro anali atatha, alendo atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa kwa eni ake. M'chipinda chakumasochi ndi mmene bambo awo ankagwirira ntchito chipumireni: kutayipa ndi kusindikiza makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, zidziwitso zomata pamitengo. Imfa inawapeza ntchito zina zili theka, ndipo eni mapepala anali atayamba kufika, kupepesa kaye mwaulemu wonse, kenaka n'kufunsa chapansipansi ngati zawo zija zinatheka.

Uinjiniya wa Injiniya unali wa dzina chabe. Anamutcha choncho ali mwana, atamasula wailesi ya m'nyumba n'kulephera kuibwezera. Koma dzina limakoka mwini wake, ndipo atakula anakapezadi ntchito yosamalira makompyuta pakampani ina kutali. Pamaliro sanalire. Anayesetsa, misozi osabwera, ndipo zimenezi zinkamuchititsa manyazi. Tsopano ankangofuna chinthu chowonongeka choti akonze.

Mlongo wake anatula beseni n'kukankha chitseko ndi chidendene.

"Dzanja la amayi waliona?"

Anali ataliona. Zaka zingapo m'mbuyomo mayi awo anadwala sitiroko, ndipo ngakhale miyendo inabwerera, dzanja lamanja linatsala lofooka. A mafizo kuchipatala ananena mosapita m'mbali kuti zalazo ziziwongoledwa tsiku ndi tsiku, apo ayi zidzakhwinyata osadzatambasukanso. Chimwalirireni amuna awo, amayiwo sanalole munthu kuligwira, ndipo zala zinali zitayamba kale kupindikira m'chikhatho.

"Ine ndayesa, akuti si khanda iwo," anatero mlongoyo. "Yesa iwe, paja ndiwe wapamtima."

"Ndayesa dzulo, achemwali. Anandikankha ndi chigongono."

"Ndiye basi? Iwe ubwerera kuntchito kwako, uzingoimba foni kufunsa kuti ali bwanji. Woliona likuuma dzanjalo ndikhala ine."

"Nanga abambo ankatani kuti alole?"

"Ndingadziwe bwanji? Ine ndimadutsa pano madzulo ndikaweruka. Dzanja ndinkalipeza lofewa, sindinkafunsa."

Ananyamula beseni lake n'kutuluka. Apo m'pamene sikirini inawala, mochita kunyinyirika.

Injiniya anapinda manja a shati. Anayamba ndi kunja. Mawusi inali noninoni ndi mafuta, kiyibodi chimodzimodzi, ndipo anazipukuta akupukusa mutu, poti bambo ake anali munthu waukhondo. Kenaka anatulutsa m'thumba flashi, kachipangizo konyamulira mapulogalamu, n'kuika m'kompyutamo pulogalamu yoyeretsera imene amagwiritsa ntchito kukampani. Pulogalamuyo inafufuza monse n'kupeza zinyalala zochititsa mantha. Munali mafayilo akale osafunikanso. Mu kaundula wa mkati, mmene kompyuta imasungamo mbiri ya chilichonse chimene chinaikidwamo, munali zotsalira za mapulogalamu amene anachotsedwa kalekale. Koma chimene chinamuseketsa n'chakuti kompyutayo ikamayaka inkadzutsa khamu lonse nthawi imodzi: kapulogalamu konena za nyengo, dikishonale, pulogalamu ya pulinta imene inatayidwa iye asanachoke pakhomo, ndi mapulogalamu awiri oteteza ku mavairasi amene ankalimbana okhaokha ngati alonda osagwirizana.

"Abambo inu, abambo inu," anatero yekhayekha. Kangati konse anawauza pafoni kuti asamangovomera chilichonse chotulukira pasikirini? Iwo ankangoseka, amvekere, "Nkhono yangayi isiye, imafika."

Pulogalamuyo inafunsa ngati akufuna kusunga kaye zinthu mmene zilili isanasese. Anadina kuvomera mwachizolowezi, osaganiza n'komwe. Kenaka anasesa zonse, n'kuzimitsa, n'kuyatsanso. Kompyuta inadzuka asanamalize n'komwe kudziwongola. Kunena zoona, anasangalala. Kanali koyamba kumva kupepuka m'chifuwa chilandirireni uthenga wa maliro, ndipo masanawo anasindikiza ntchito zambiri zotsala.

M'mawa mwake amayi analowa m'chipindamo atasamba, atavala magalasi ndi juzi yawo yaimvi. Kale anali mphunzitsi, ndipo palibe pepala limene linkatuluka m'nyumbamo iwo asanaliwerenge n'kulipezera cholakwa. Anali ndi mpando wawo kumanzere kwa tebulo. Chichitikireni maliro anali asanakhalepo, choncho Injiniya atawaona akukhala, anakondwera kwambiri. Amayiwo ananyamula dzanja lodwalalo ndi linzake n'kuliika patebulo, pafupi ndi kiyibodi.

"Yatsa nkhonoyo," anatero. "Tione ngati ifike lero."

"Penyani bwino, amayi."

Anadina batani. Sikirini inati ngwee, zonse zili m'malo mwake.

"Mwaona? Ndaiyeretsa. Palibenso zodikira tsopano."

Amayi anayang'ana sikiriniyo nthawi yaitali. Kenaka anakoka dzanja lija pang'onopang'ono n'kulibisa m'thumba la juzi.

"Wachita bwino, mwanawe," anatero. Anaimirira n'kupita kuchipinda kwawo. Tiyi amene anawapangira anazizirira patebulo.

Injiniya anakhumudwa, ndipo tisabise, anakwiyanso pang'ono. Munthu wachita chinthu chooneka, kuyamika kwake n'kumeneko?

Chakumasana kunabwera wometa wa kumapeto kwa msewu, atakwapatira laputopu m'khwapa. Anapepesa maliro, anakhala chete mmene zimayenerera, kenaka anaika laputopuyo pamiyendo n'kuisisita.

"Ine ndatayadi munthu, achimwene. Iyi ikayamba kukwawa ndinkangobwera nayo kuno. Madala aja amaikamo kapulogalamu kawo kotsuka, dinu apa, dinu apa, ndisanamalize nkhani yampira yayamba kale kuthamanga. Msewu wonse uno tinkadalira iwo."

"Abambo anga? Ankayeretsa makompyuta?"

"Eee! Mpaka ankanena kuti munawaphunzitsa ndinu. Kunyadira kwake! Flashi yawo imakhala m'dirowa yapamwambayo."

Wometa atapita, Injiniya anatsegula dirowayo. Flashi inalimodi, yomangiriridwa kachingwe. Pambali pake panali botolo la mafuta odzola lofika pakati, ndi kathaulo kopindidwa bwino. Anatsegula botololo n'kununkhiza. Linali fungo lomwe lija anapukuta pa mawusi dzulo lake.

Injiniya anakawapeza amayi atakhala pabedi, akuyang'ana pawindo. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, mmene ankachitira ali wamng'ono akaswa chinthu.

"Amayi, abambo ankadziwa kuyeretsa kompyuta?"

"Funso lanji limenelo? Ungafunse ngati telala amadziwa kusoka batani?"

"Nanga yawoyi bwanji ankaisiya choncho?"

Amayi anavula magalasi, n'kuwapukuta pajuzi ndi dzanja limodzi.

"Nditatuluka m'chipatala ndinakana mafizo," anatero. "Ndinkadana nazo. Munthu kukugwira dzanja nkhope ili yachisoni, kumakuuza kuti limbani mtima, ngati wapempha. Bambo ako anayesa kundinyengerera, ndinawathamangitsa. Ndiye tsiku lina m'mawa takhala paja, kompyuta ikuchedwa kuyaka. Iwo amvekere, 'Poti tikungodikira, bweretsani dzanjalo, manja angawa asakhale ulesi.' Osandiyang'ana n'komwe, maso ali pasikirini. Ndinawapatsa. Si mafizo amenewo, n'kudikira basi."

Anamwetulira pang'ono, maso akadali pawindo.

"A kuchipatala atanena kuti nthawi yowongola ichuluke, nkhono nayo inayamba kuchedwa kwambiri. Zala zikavuta, mawa lake upeza muli kapulogalamu kena katsopano, kaya ka nyengo, kaya ka chiyani. Ati, 'Yakalamba iyi, yandikanika.' Kumanama nkhope ili gwa."

"Ndiye inu munkadziwa?"

"Iwe, ine ndaphunzitsa ana onamizira mutu moyo wanga wonse. Bambo ako bodza sankalitha."

"Osawauza bwanji?"

"Ndiwauze kuti ziwathere? Iwo ankanama kuti yawakanika, ine ndinkanama kuti ndakhulupirira. Tsiku ndi tsiku ndinkaitukwana nkhonoyo, iwo n'kumaiikira kumbuyo. Tinkakhala bwino choncho." Anavalanso magalasi aja. "M'mawa muja ndinati ndikakhale pampando paja ndiimve ikung'ung'udza. Zovala zawo tapinda, nsapato tasunga. Chimene chinatsala chikuchitabe monga mwa masiku onse chinali chimenechija."

Injiniya anafuna kupepesa. Anagwira bondo la amayi ake, iwo n'kumusisita kumutu ndi dzanja lamanzere.

"Sunalakwe. Wachita zimene umadziwa. Pita ukamalize ntchito za anthu."

Sanakamalize ntchito za anthu. Anatsegula pulogalamu ija n'kufufuza zimene inasunga isanasese, akuopa kuti mwina sizinasungike. Zinalipo. Anabwezera kaundula mmene analili, n'kudzutsanso khamu lija mmodzimmodzi: wanyengo, dikishonale, pulinta yakufa, alonda awiri osagwirizana. Ntchito imeneyi kukampani akanamuchotsera ntchito. Atamaliza anaimbira bwana wake kupempha kuti tchuthi chitalikeko.

Madzulo mlongo wake atafika, anamukokera kukhitchini n'kumufotokozera zonse. Mlongoyo anamvetsera atagwira pakamwa.

"Madala amene aja," anatero, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Ine n'kumawauza kuti tiwagulire yatsopano!"

"Mawa mudzere pano musanapite kuntchito, achemwali. Mudzaone mmene zimachitikira. Ndikadzapita, mudzafunika ndinu. Ine ndizibwera pafupipafupi, osati pafoni ayi."

"Tidzaona," anatero mlongoyo, koma mawu ake anali ofewa.

Kutacha Injiniya anagogoda pachitseko cha amayi.

"Amayi, tabwerani mudzaone. Yayambiranso zake zija. Yandikanika."

Kenaka kunamveka masilipasi akukhwekhwereza pansi. Amayi anatuluka, n'kumuyang'ana kudzera pamwamba pa magalasi mmene ankayang'anira ana a sukulu obwera ndi nkhani zopeka.

"Yakukanika?"

"Eya. Yakalamba."

"Uinjiniya wako ndi wa chiyani, iwe?"

Anadutsa n'kukakhala pampando wawo. Mlongo uja anali ataima pakhomo, chikwama cha kuntchito chili paphewa, akunamizira kufunafuna makiyi. Injiniya anakhala pampando wa bambo ake n'kudina batani. Makina anang'ung'udza, kenaka anati zii. Sikirini inali bii.

"Tamverani ulesi wakewo," anatero amayi. "Chinthu chosachita manyazi."

"Imafika," anayankha Injiniya.

Anatsegula dirowa, n'kuyala kathaulo patebulo, n'kuthira mafuta m'chikhatho mwake. Sanawayang'ane amayi ake. Maso anawaika pasikirini.

"Poti tikungodikira," anatero, ndipo mawu otsatira anakanika kutuluka.

Kenaka anamva nsalu ya juzi ikukhwekhwa, ndipo dzanja lozizira, lopepuka, la zala zopindika, linatera pakathaulo paja. Analigwira ndi manja onse awiri. Misozi imene inamukana pamanda inabwera tsopano yokha, ikutsika mpaka pachibwano, iye osapeza dzanja loipukutira.

"Uwotche kaye mafutawo m'manja mwako, asandizizire," anatero amayi, nawonso maso ali pasikirini. "Ndipo uyambe ndi kachala kakang'onoko. Bambo ako ankayambira kumeneko."

Injiniya anapakasa mafutawo mpaka atatentha, n'kugwira kachala kakang'ono, n'kuyamba kukawongola pang'onopang'ono. Sikirini inali isanawale.