Mfundo Yomanga ndi Mano

Rute anali atamuvula kale Yona, mwana wake amene anali atangoyamba kukwawa, pamene anapisa dzanja m'beseni lomwe linali pakhonde. Madziwo anawamva ofunda pang'ono ngati a masiku onse. Ananyamula mwanayo kuti amukhazikemo.

"Iwe Rute, ukufuna kumuphika mwanayo?"

Anali Rozina, mkulu wake, amene anabwera dzulo lake kuchokera ku Nathenje kudzamuzonda. Anamulanda mwanayo mwachangu. Apa m'pamene Rute anaona nthunzi ikufuka m'beseni, chikhatho chake chitafiira psuu. Madziwo Rozina anawatereka kuti amuthowe nawo mng'ono wakeyo miyendo, ndipo Rute anayesa ndi osambitsira mwana.

Dzanzi lomwe linamunamizali linamuyamba chaka chatha. Linayambira ku zala za kumapazi, ngati mmene zimakhalira munthu akakhalira mwendo pamaliro, kenaka linafika m'manja. Singano inkamupulumuka, mapatapata ankavuka m'njira iye osadziwa. Ku chipatala cha ku Mitundu anamutumiza ku Lilongwe, komwe adokotala atamuyeza anati ndi matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis. Anamuuza mosabisa kuti amachepa n'kubwereranso koma satheratu, ndipo kutentha kumawautsa. Rozina anauzidwa zonsezi, koma zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Kwa iye mwendo ukavuta mankhwala ake ndi madzi otentha basi.

"Ine sindingagone tulo kwathu nditaona zimenezi," anatero Rozina. "Mwanayu phala akudya kale. Ndipita naye, akakhale nane mpaka uchire."

Rute anayang'ana Gilibati, mwamuna wake, amene ankapopa njinga yake ya kabaza pabwalo. Koma mkamwini pamudzi pa eni, mlamu wamkulu atalankhula, anganenenji?

"Mwina alamu akunena zoona, amake Yona," anatero osadzutsa mutu.

Mawu amenewa anamupweteka Rute kuposa dzanja lakupsalo. Anakhala pansi, chifukwa nayenso anachita mantha kwambiri. Zoona, mwana akanapsa. M'nyumba ankamva mkulu wake akulongedza tizovala ta Yona m'jumbo, ndipo atamva kaphokoso ka tinsapato take mtima unakana. Anagwira chitseko n'kudzuka.

"Achemwali, mwati mpaka ndichire? Ine sindichira. Mukamutenga lero adzabwera kuno ali ndi ndevu, n'kumandipatsa moni ngati mlendo."

"Ndiye ukufuna adzapse kaye?"

"Ayi. Ndikufuna mukhale apo mundione."

Anataya theka la madzi aja, n'kuthiramo ozizira a m'ndowa. Ulendo uno sanapisemo dzanja. Ananyika kansalu n'kukaika patsaya, anawonjezera ozizira, anaikanso patsaya, kenaka anagwedeza mutu.

"Manjawa ndi abodza, ndasiya kuwafunsa," anatero. "Tsayali silinandinamizepo. Pisani muone."

Rozina anapisa dzanja. Kenaka anamupatsa mwana uja.

Rute anamusambitsa Yona atakhala pansi, atamutsamiritsa pantchafu, maso ali pa zala zake nthawi yonse. Sopo anamupulumuka kawiri, iye n'kumutola osadandaula. Atamaliza anamubereka. Chitenje sanachipisire monga amachitira amayi anzake, koma anamanga mfundo pachifuwa pomwe maso amaona, mbali imodzi atagwira ndi dzanja, inayo akukoka ndi mano.

"Kokani, achemwali. Musandimvere chisoni."

Rozina anakoka mpaka Rute anadzandira. Mfundoyo sinasunthe.

"Nanga dzuwa likatentha, miyendo ikamalemera monga dzulo?" anafunsa Rozina, mawu atatsika.

"Ndizikhala naye pansi pamthunzi. Kumsika ndizipita m'mawa kusanatenthe. Madzi otentha azikhala m'ketulo, m'beseni muzithiridwa ozizira poyamba. Bambo akewa aziona zimenezo asananyamuke."

"Ndiziona," anayankha Gilibati msanga, manyazi atamugwira.

"Ndipo miyendoyi musandithowenso, achemwali. Ndikudziwa mumachita pondikonda, koma mumangondiwonjezera. Ngati mukufuna kundithandiza, muzibwera kudzandifinyira mabulangete, amenewo ndiye andikanika."

"Taonani kamwana aka," anatero Rozina akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndinakabereka ndine kumsana, lero kakundilemba ganyu."

Analowa m'nyumba, n'kutulutsa tizovala tija kamodzikamodzi, kutiika pamphasa.

Rute anamuperekeza mkulu wake mpaka pamtengo wa mango wa pamphambano, pomwe miyendo inamuuza kuti pakwana. Anaima pamthunzi kumuyang'ana akupita kokwerera minibasi, jumbo lopanda kanthu atalipinda m'khwapa. Anapisa manja kumbuyo kugwira timapazi ta Yona, ndipo sanatimve. Koma mpweya wofunda wa mwanayo, amene anali atagona tulo, ankaumva bwinobwino pakhosi.