Volovolo ya Sajeni Dzoole

Lufeyo wokonza njinga uja, munthu woti ngakhale nkhuku amapempha anzake kuti amuphere, analota atapeza volovolo, kamfuti kam'manja kaja, m'kati mwa tayala la njinga ya kasitomala. Inali ya agogo ake, Sajeni Dzoole, amene anapita kunkhondo ndi asilikali a Keyala osabwerako. Kwawoko maliro amalengezedwa ndi kulira kwa mfuti. Poti mfuti sinalire, mayi ake a Lufeyo anafika pomera imvi akukanabe kuti bambo awo anamwalira.

Volovoloyo dzimbiri linali litaidya kwabasi. Lufeyo anaiviika mu palafini, naikwecha ndi sandipepala, ndipo dzimbirilo likagwa pansi linkasanduka linthumbu n'kumalowera kum'mawa. Atadonthezera oilo wa makina osokera, kagudumu ka zipolopolo kanatsokomola n'kuyamba kuzungulira. Volovoloyo inathokoza mwaulemu, n'kumupempha kuti asuzumire.

M'mabowo ake onse munkayenda mtsinje umodzi, waukulu zedi, wa dziko lachilendo. M'mbali mwake munaima Sajeni, chilili, ali aang'ono kuposa Lufeyo, udzu utamera pa jombo zawo. Kumbuyo kwawo bwato linkadikira. Lufeyo anavula chipewa.

"Adzukulu," anatero Sajeni, "miyendo yatopa. Palibe anandiuza kuti ndinafa. Wombani, ndizipita."

Chipolopolo Lufeyo anachipeza m'kamwa mwake, pamene panachoka dzino chaka chatha. Anachiika mu volovolo, naloza kumwamba. Koma chala chinakana, abale, pakuti ankadziwa kuti akangowomba, mayi ake asanduka mwana wamasiye. Anayang'ananso udzu wa pajombo uja. Chisoni chinamukwana, ndipo anawomba.

Kulira kwa mfutiyo sikunathamange ayi. Kunatuluka mumpope pang'onopang'ono, n'kuuyamba ulendo wapansi, kumaodira khomo ndi khomo. Mapiri anagwada kuti kudutse. Mtsinje unaima kaye. Sajeni anakhazika phazi limodzi m'bwato, kenako linalo, nakhala pansi n'kuusa moyo.

Lufeyo anadzuka dzuwa litatuluka, m'manja mukununkha palafini, koma zimenezo n'za masiku onse. Atatuluka panja anapeza mayi ake atakhala padothi, miyendo atatambasula, mpango atamanga m'chiuno. Misozi inali chuchuchu, koma nkhope yawo inali yopepukidwa.

"Wachedwa kudzuka, mwanawe," anatero. "Mfuti ija sunaimve? Pita ukauze anthu. Bambo anga atisiya."