Pikapu Yoyenda Chafutambuyo

Sipanala anali makaniko wa pa shedi ya malata kuseri kwa msika, ndipo aliyense ankamulemekeza kuti makaniko, kupatula munthu mmodzi: apongozi ake aamuna. Iwowa ankangomuti "a Pampu", chifukwa tsiku loyamba kumuona anamupeza akupopa tayala la wilibala. Mwana wawo anamukwatira, zidzukulu anawapatsa, koma dzina osasintha. Zinkamuwawa Sipanala, kumuwawa mpaka m'mafupa.

Apongoziwo anali ndi pikapu yakale yonyamulira matabwa, imene ankaisamala kuposa mano awo otsalawo. Sipanala sankaloledwa ngakhale kuitsamira. Koma tsiku lina difu, chibumpha chija cha pakati pa matayala akumbuyo, inayamba kulira ngati galu wotsekeredwa panja, pomwe makaniko wawo wa masiku onse anali atachokapo kukadwazika m'bale wake. Mkazi wa Sipanala anawanyengerera bambo ake mpaka anagonja.

"A Pampu," anatero apongozi, akupereka makiyi ndi zala ziwiri, "mawa masana ndikukatenga amayi anu ku depoti. Mukuwadziwa inu. Basi ikafika ine kulibe, mungoyamba kundikumbira manda."

Sipanala analowa pansi pa galimoto akuimba mluzu. Tsono pa ntchito imeneyi pali lamulo loti ngakhale wophunzira wa dzulodzuloli amalidziwa: usanamasule difu, paka penti kuti udzadziwe kumwamba ndi kumunsi. Wowotcherera zitsulo wa pa shedi yoyandikana anamutambasulira kachitini ka penti.

"Penti n'ja ana a sukulu," Sipanala anatero. "Difu ine ndimamanga ndili m'tulo."

Anaimasula, anasintha mabelingi, anatsuka mano ake onse ndi palafini mpaka kung'anima. Pobwezera, chinthucho chinakana kulowa. Munthu wanzeru akanafunsa kuti chikukaniranji. Sipanala anafunsa kuti hamala ili kuti. Anapala apa, anagogoda apo, mpaka chinalowa ndithu, koma chozondoka, giya yaikulu yozunguza matayala ili mbali inayo. Iye osadziwa, anapukuta m'manja n'kudziyamikira yekha.

M'mawa mwake apongozi anafika atatchena jekete. Analiza injini, anatchera khutu: zii, kulira kuja kulibe. Anagwedeza mutu pang'ono, ndipo mtima wa Sipanala unavina. Anaika giya wani, anasiya kilachi, pikapu inathamangira kumbuyo n'kukazika thako pa mulu wa matayala akutha, phuu!

"Mwaika livesi, bambo," Sipanala anatero.

"Livesi ine? Munandionapo liti?"

Apa ankanena zoona. Chiyambireni kuyendetsa, apongozi sanabwererepo m'mbuyo. Khosi lawo linali louma ngati mtanda wa denga, komanso, tisabise, ankaopa. Akaphonya geti ankalolera kuzungulira tauni yonse. Akazi awo anadandaula mpaka kutopa kuti amawaimikira galimoto kutali, iwo n'kumasenza katundu ngati alibe mwamuna.

Anayesa giya thu, pikapu inakankha matayala aja mwaukali woposa. Anasakasaka livesi, anaipeza, ndipo galimoto inayamba kupita kutsogolo, koma mwa bilimankhwe, injini ikukuwa ngati ikuphedwa. Nkhuku inawadutsa osacheuka n'komwe.

Sipanala anavula kapusi. "Ndazondotsa difu, bambo. Magiya onse othamanga apita kumbuyo, yopita kutsogolo yatsala livesi yokhayo."

"Kukonza kwake?"

"Mpaka madzulo."

Apongozi anayang'ana wotchi, anayang'ana kumwamba, anayang'ana mkamwini wawo mwa njira yoti Sipanala analakalaka atalowa m'chitini cha penti chija. Mkamwiniyo anadziwa kuti izi zikathera pomwepa, adzafa ali a Pampu, mwina n'kulembedwa choncho ndi pamanda pomwe. Ndiye analumphira kumbuyo kwa pikapu, anagwada pa malo onyamulira matabwa, nkhope kumsewu.

"Bambo, inu gwirani chiwongolero basi. Maso ndine. Ndikati wotchi, mupotokolere kudzanja la wotchi. Ndikati supuni, kudzanja lodyera."

"Mwapenga, a Pampu?"

"Kapena mukawauze amayi kuti mwachedwa."

Apongozi anaika giya wani.

Abale inu, anthu a mumsewu umenewo anaona malodza dzuwa likuswa mtengo. Pikapu ikubwera chafutambuyo, mdala wa jekete ali tong'o kuyang'ana komwe akuchokera, kumbuyo munthu wa ovolosi akukuwa, "Supuni! Supuni pang'ono! Wotchi, bambo, wotchi, kuli ngalande!" Ogulitsa malonda anakumbatira mabeseni awo. Wapolisi wa pamsewu anakweza dzanja kuti awaimitse, kenako analitsitsa, posadziwa ngati galimotoyo ikubwera kapena ikupita. Pofika pa msewu wowongoka apongozi anali atazolowera, mpaka anaika giya fili, n'kumafunsa okha, "Apa bwanji? Ndili bwino?" Sipanala, pakati pa mantha onsewo, anamva kukoma: chikwatirireni, aka kanali koyamba apongozi kumufunsa kanthu.

Ku depoti basi inali itangotsitsa anthu. Amayi anali chiimire pakati pa matumba ndi zikwama zawo, manja m'chiuno, milomo itakonzeka kale.

"Wotchi pang'ono... bwerani... bwerani... buleki!"

Pikapu inaima, chitseko chake chakumbuyo chitatsala pang'ono kupsompsona thumba loyamba. Amayi anayang'ana galimoto, anayang'ana amuna awo akutsika, ndipo manja aja anachoka m'chiuno.

"Ha! Bambo a ana, ndinu? Zaka zonsezi ndikulira ndi katundu, lero mwaphunzira livesi chifukwa cha ine?" Anaomba m'manja. "Ndiye kuimika kwake, ngati dalaivala wa thiraki!"

Apongozi anakonza jekete yonyowa ndi thukuta. "Munthu sakalamba ndi kuphunzira," anatero, maso ali kumbali.

Sipanala anakweza katundu yense, osaulula za difu. Amayi anakakhala kutsogolo, akumwetulirabe, akukonza tsitsi pa kalilole. Apongozi anazungulira kumbuyo ngati akuyesa zingwe, anasendera pafupi ndi mkamwini wawo, n'kunong'ona:

"A Makaniko, nanga kunyumba tibwerera bwanji?"

Chingwe chinapulumuka m'manja mwa Sipanala. M'maso mwake munadzaza misozi.

"Bwerezaninso, bambo."

"Ndati kunyumba tibwerera bwanji!"

"Ayi, bambo. Poyambirira paja."